Momwe mungaikire ekizozi yabwinopo pa pikapu yanu

Ekizozi ndi mbali ya galimoto imene ambiri amaikumbukira pokhapokha ikayamba kusokosa kapena ikaduka n'kumakwekwereza pansi. Pa pikapu imatha msanga kusiyana ndi pa galimoto zing'onozing'ono, chifukwa kuno ku Lilongwe pikapu imadutsa pa mahampu a m'tauni itasenza matumba a simenti kapena a chimanga, imalowa m'matope a ku Mitundu ndi ku Nsaru nthawi ya dzinja, ndipo m'chilimwe imagwedezeka tsiku lonse m'misewu yafumbi yokumbikakumbika. Zikafika poti kumatamata zigamba kwa wowotcherera sikukuthandizanso, mwini galimoto amayenera kusankha pakati pa kubwezeretsa ekizozi yofanana ndi yakale ndi kuika ina yabwinopo. Malangizo awa ndi a amene asankha njira yachiwiriyi, kaya adzagwira okha ntchitoyo pakhomo kapena adzaipereka kwa makaniko iwo ataima pambali n'kumayang'anira. Ekizozi yabwinopo ndi imene imatulutsa utsi mosavutikira, imapirira dzimbiri kwa zaka zambiri, ndipo imataya utsiwo kutali ndi anthu okwera. Kukula kwa phokoso sikuli m'gulu la zinthu zimenezi, ngakhale kuti n'kumene kumakopa ambiri.

Yambani ndi kutsimikiza kuti vuto lilidi pa ekizozi

Galimoto ikafooka kapena ikamafuka utsi wakuda, anthu amathamangira kuloza chala ekizozi, pamene nthawi zambiri iyo imangonyamula zimene injini yaipatsa. Pa injini ya dizilo, utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo gwero lake limakhala fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, ma injector (zopopera mafuta mu injini) otha, valavu ya EGR (imene imabwezera utsi wina mu injini) yodzaza mwaye, kapena paipi ya mpweya wa turbo (chipangizo chozunguzidwa ndi utsi chimene chimakankhira mpweya mu injini) imene yang'ambika. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Utsi woyera umene sukutha injini itatentha kale umatanthauza kuti madzi akulowa m'masilinda kapena mafuta sakupsa bwino. Palibe paipi, ngakhale yokwera mtengo bwanji, imene ingachize matenda amenewa, choncho konzani injini poyamba.

Palinso chinthu china chimene eni mapikapu akale amaiwala. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse amene yakwera, chifukwa mpweya umanka nupepuka. Izi zikutanthauza kuti Hilux ya injini ya 5L, imene ilibe turbo, imakhala itataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake isanatuluke n'komwe mu Area 25, ndipo ikamakwera zitunda za ku Dedza imafookeratu. Ekizozi yatsopano singabweze mphamvu zimenezo.

Injini itazizira, lowani pansi pa galimoto ndi tochi ndipo tsatirani paipi kuchokera ku injini mpaka kumapeto kwake. Mizere yakuda ya mwaye pa malo olumikizira imasonyeza pamene utsi ukuthawira. Yang'anani dzimbiri limene likusendeka ngati makungwa, timphira topachikira timene tang'ambika, ndi malo amene paipi inaphwanyika ndi mwala kapena hampu, chifukwa paipi yophwatalala imatsamwitsa injini kuposa yaing'ono yosapindika. Menyani sailensa ndi chibakera. Ikamalira ngati muli timiyala, zitsulo za m'kati mwake zathothoka.

Sankhani kuti musintha kuyambira pati

Utsi ukachoka m'masilinda umasonkhana mu manifold, n'kudutsa mu turbo ngati ilipo, n'kutsika ndi paipi yoyamba. Pambuyo pake pamakhala kachigawo kolukidwa ndi mawaya kamene kamalola injini kugwedezeka popanda kuthyola paipi, kenako catalytic converter (chochepetsa poizoni wa mu utsi) pa galimoto zimene zili nayo, sailensa, ndi paipi yomaliza imene imakwera pamwamba pa difu (chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo) n'kutulukira kumbuyo. Mukhoza kusintha sailensa ndi paipi yomaliza zokha, zomwe zimangosintha kamvekedwe ndi maonekedwe. Mukhoza kusintha zonse zimene zili kumbuyo kwa catalytic converter, ndipo imeneyi ndiyo njira imene ndimalangiza anthu ambiri, chifukwa sikhudza masensa kapena kompyuta ya galimoto. Njira yachitatu ndi kusintha zonse kuyambira pa turbo penipeni, yomwe imapindulitsa kwambiri injini ya dizilo ya turbo komanso ndiyo imafuna luso ndi ndalama zochuluka.

Ngati galimoto idakali pa chitsimikizo cha kampani imene inakugulitsani, funsani kaye musanadule chilichonse, chifukwa kusintha ekizozi kungachititse kuti akane kukonza injini ikadzawonongeka.

Kukula kwa paipi ndi mtundu wa chitsulo

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mapaipi a ekizozi amayezedwa m'mainchi: ya mainchi 2.25 ndi mamilimita pafupifupi 57, ya mainchi 2.5 ndi mamilimita 63.5, ndipo ya mainchi 3 ndi mamilimita 76.2. Kusiyana kwa theka la inchi kumaoneka kochepa ndi maso, koma mpata wa m'kati mwa paipi ya mainchi 3 umaposa wa ya mainchi 2.5 ndi 44 peresenti. Yezani paipi yanu yakale pa malo owongoka amene sanaphwanyike, ndipo musakweze kupitirira theka la inchi pa injini imene simunaisinthe kalikonse.

Chifukwa chake n'chakuti injini za mitundu iwiri zimafuna zinthu zosiyana. Pa injini ya turbo, monga 2KD ndi 1KD za Hilux, 4JJ1 ya Isuzu kapena 2.2 ndi 3.2 za Ford Ranger, turbo imazungulira mosavuta ngati kumbuyo kwake kulibe chotchinga, motero paipi yokulirapo imathandiza kuti turbo iyambe kukankha msanga ndiponso kuti utsi usatenthe kwambiri pokwera phiri ndi katundu. Pa injini za malita 2.5, paipi ya mainchi 2.5 imakwana, ndipo ya mainchi 3 imayenera injini za malita 3 kupita m'mwamba. Injini yopanda turbo, kaya ya petulo kapena ya dizilo, imadalira liwiro la utsi m'paipi kuti utsi wotuluka uzikoka unzake m'silinda. Mukaipatsa paipi yaikulu mopitirira, liwirolo limatsika ndipo galimoto imafooka ponyamuka, pamene pikapu yosenza katundu imafunira mphamvu kwambiri. Ngakhale mutasankha bwino, musayembekezere zodabwitsa: phindu la ekizozi yokha ndi lochepa, ndipo wogulitsa amene akulonjeza kuti galimoto izimwa theka la mafuta akungofuna ndalama zanu.

Kapindidwe ka paipi n'kofunika ngati kukula kwake. Makina ambiri opindira amafinya paipi pa ngodya iliyonse, mofanana ndi momwe paipi yothirira dimba imatsekekera ikapindika, kotero kuti paipi ya mainchi 3 yopindidwa motere ikhoza kutulutsa utsi wofanana ndi yaing'ono. Funsani ngodya zopindidwa ndi makina a mandrel, zimene zimakhala ndi mpata umodzimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zimagulitsidwa zopindapinda kale za madigiri 45 ndi 90, ndipo wowotcherera waluso amazidula n'kuzilumikiza molingana ndi galimoto.

Pa zitsulo, chitsulo wamba n'chotsika mtengo ndipo aliyense amatha kuchiwotcherera, koma chimadyeka msanga ndi dzimbiri, makamaka pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, chifukwa madzi amene amatuluka mafuta akamapsa amakhazikika mu sailensa osauma. Chitsulo chokutidwa ndi aluminiyamu chimapirirako, ngakhale chimayamba dzimbiri pamene apawotcherera. Chitsulo chosachita dzimbiri chimabwera m'mitundu iwiri yodziwika: 409, imene imaderako pamwamba koma siboola msanga, ndi 304, imene ndi yolimba koposa pa dzimbiri ndiponso yokwera mtengo. Tengani maginito popita kogula. Amamatirira pa 409 ndi pa chitsulo wamba, koma pa paipi yowongoka ya 304 sagwira kapena amangogwira pang'ono, ndiye wina akakutchulirani mtengo wa 304 pa paipi imene maginito akukakamira, dziwani kuti pali chinyengo. Kwa pikapu ya ntchito, 409 ndi yokwana.

Sailensa isankheni moganizira ulendo wautali. Yowongoka m'kati, imene ili ndi paipi yobooledwa timabowo yokutidwa ndi ubweya wagalasi, imatulutsa utsi mosavuta koma imamveka kwambiri, ndipo ikakhala yaifupi imabweretsa mkokomo wotopetsa m'kati mwa galimoto pa liwiro la pa M1. Mkokomo umene umasangalatsa pochoka pa galaja umasanduka mutu waching'alang'ala musanafike ku Ntcheu. Sankhani yaitali imene ingakwane pa malopo, ndipo pa injini yopanda turbo onjezerani kasailensa kakang'ono pakati, popeza turbo payokha imachepetsa phokoso.

Musachotse catalytic converter kapena DPF

Amakaniko ena amalangiza kuboola catalytic converter kuti galimoto "ipume". Ngati siinatsekeke kapena kusweka, isiyeni. Ntchito yake ndi kusandutsa mpweya wapoizoni kukhala wosaopsa kwambiri, ndipo pa galimoto ya petulo yokhala ndi sensa kumbuyo kwake, kuichotsa kumayatsa nyali ya injini pa dashibodi ndi nambala ya vuto ya P0420. Nyaliyo ikazolowereka kuyaka, simudzadziwa tsiku limene vuto lenileni labwera. M'kati mwakemo muli zitsulo zamtengo wapatali za platinum, palladium ndi rhodium, ndipo n'chifukwa chake ena amaumirira kuti ichotsedwe. Ngati yafadi, isintheni ndipo yakaleyo itengeni nokha, ndi yanu. Mapikapu ena atsopano a dizilo, makamaka ochokera ku UK ndi ku Japan, ali ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imalumikizana ndi kompyuta kudzera m'masensa ndi timapaipi ting'onoting'ono. Kuidula popanda kukhudza kompyuta kumachititsa galimoto kudzichepetsera mphamvu, choncho pa galimoto yotere yambirani kumbuyo kwa DPF.

Kugula ndi kukonzekera

Pali njira ziwiri zopezera zipangizo. Yoyamba ndi kuitanitsa ekizozi yathunthu yopangidwira mtundu wa galimoto yanu, kawirikawiri kuchokera ku South Africa, ndipo powerengera mtengo muphatikizepo wonyamulira ndi msonkho wa ku MRA. Potumiza oda tchulani chaka cha galimoto, nambala ya injini ndi ya chassis, komanso ngati ndi single cab kapena double cab, ya 4x2 kapena 4x4, chifukwa kutalika ndi njira ya paipi zimasiyana. Yachiwiri ndi kugula mapaipi, ngodya ndi sailensa padera, m'mashopu a zida za galimoto monga a ku Biwi ndi mu Malangalanga, n'kukapangitsa kwa wowotcherera. Mukasankha chitsulo chosachita dzimbiri, funsani ngati ali ndi makina owotcherera a TIG kapena MIG ndi waya woyenera chitsulocho, chifukwa paipi ya ekizozi ndi yopyapyala, pafupifupi mamilimita 1.5, ndipo ndodo wamba zowotcherera mageti zimaiboola ndi kusiya mzere umene udzachite dzimbiri dzinja limodzi lisanathe.

Gulani magasiketi atsopano, mabawuti ndi manati atsopano, timphira tonse topachikira, ndi girisi wa kopa wopirira moto. Zida zofunika ndi masipanala ndi masoketi, makamaka a 12, 14 ndi 17 pa galimoto za ku Japan, sipanala ya 22 ya sensa ya oxygen, sowo yodulira zitsulo kapena grinder, mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Madzulo a tsiku loti mawa mugwira ntchito, thirani mafuta omasulira dzimbiri pa nati iliyonse ya ekizozi, ndipo mubwerezenso m'mawa.

Imikani galimoto pa malo olimba ndi athyathyathya, kokani handibuleki, ikani giya ndipo tsekerani matayala kutsogolo ndi kumbuyo. Dzenje la m'galaja ndilo labwino koposa. Ngati mukukweza galimoto, ikhazikeni pa zochirikizira zachitsulo pansi pa chassis, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, pakuti njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda chenjezo. Kuchirikiza chassis m'malo mwa difu kumalola difu kulendewera, ndipo mpata wotulutsira paipi yomaliza umakula. Tsitsani tayala la sipeya limene limakhala pansi pa bodi. Chotsani waya wa negative pa batire, ndipo dikirani mpaka ekizozi izizire ndithu.

Kuchotsa yakale

Jambulani zithunzi ndi foni musanamasule kanthu, makamaka pamene paipi ikudutsa pafupi ndi thanki, mapaipi a mabuleki ndi chingwe cha handibuleki. Ngati mbali imene mukuchotsa ili ndi sensa, zulani pulagi yake poyamba kenako muimasule, kuti waya wake usapotoke.

Chirikizani sailensa ndi jeke kapena mnzanu aigwire, popeza ndi yolemera kuposa momwe imaonekera. Masulani manati a polumikizira pakutsogolo, ndipo nati ikakana musaikakamize ndi chitsulo chachitali. Ibwezeni pang'ono ngati mukuimanga, thiraninso mafuta, n'kumaisuntha uku ndi uku mpaka ilole. Kuleza mtima kumeneku n'kofunika koposa pa mabawuti omera pa turbo kapena pa manifold, chifukwa imodzi ikadukira m'kati, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yochotsa turbo yonse. Kutenthetsa nati ndi moto wa gasi kumathandiza, koma kuchitidwe ndi munthu wodziwa, kutali ndi thanki ndi mapaipi a mafuta, chozimitsira moto chili pafupi. Timphira topachikira timavuka mosavuta mukatipaka madzi a sopo. Paipi yomaliza ikakana kudutsa pamwamba pa difu, iduleni kumbuyo kwa sailensa, koma zidutswazo musataye, chifukwa ndizo chitsanzo cha wopanga yatsopano. Pomaliza palani malo okhala gasiketi mpaka chitsulo chiwale, osalola zinyalala kugwera mu turbo.

Kuika yatsopano

Yalani zigawo zonse pansi pambali pa ekizozi yakale kuti muone ngati kutalika, ngodya ndi zitsulo zopachikira zikugwirizana. Yambani kupachika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, gasiketi yatsopano pa malo alionse olumikizira, girisi wa kopa pang'ono pa mazinga a mabawuti, koma manati onse muwamange ndi zala zokha. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kumangitsa chigawo choyamba zinazo zisanakhale m'malo, ndipo mapeto ake paipi yomaliza imakokedwa mokakamiza n'kudzathyoka pa mzere wowotcherera patapita miyezi yochepa. Kachigawo kolukidwa ndi mawaya kasachotsedwe, ndipo kakhale kowongoka, kosapindidwa kuti kabise kulakwika kwa muyeso.

Zonse zikalendewera pa timphira take, yang'anani mipata. Paipi italikirane ndi chassis, bodi ndi shafiti ndi mamilimita osachepera 25, ndipo italikire kwambiri thanki, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, mawaya amagetsi ndi tayala la sipeya. Malata otchinga kutentha abwerere m'malo mwake onse. Pamwamba pa difu pafunika diso lapadera, chifukwa galimoto ikasenza matumba 20 a fetereza, amene ndi tani yathunthu, masipuling'i amaphwa ndipo difu imayandikira bodi. Paipi imene inkaoneka kuti ili ndi malo pikapu ili yopanda kanthu imayamba kumenyedwa pa hampu iliyonse. Onetsetsaninso kuti palibe chigawo chimene chatsika kupitirira chassis kapena zitsulo zopingasa, popeza paipi yaikulu imafuna malo ambiri ndipo wopanga waulesi amangoitsitsa. Chitsulo chimatalika chikatentha, ndipo ekizozi imakankhira kumbuyo, motero timphira tikhale topendekera pang'ono kutsogolo ekizozi ili yozizira kuti tiwongoke ikatentha.

Ngati pali zowotcherera, wowotcherera angogwiriza timadontho ekizozi ili pa galimoto, kenako aitsitse n'kumalizira pansi, kumene angathe kuzungulira paipi yonse. Powotcherera pa galimoto, batire likhale lochotsedwa ndipo chopanira cha earth chigwire paipi pafupi ndi malo akuwotchedwawo, kuti magetsi asadutse mu kompyuta kapena m'mabering'i. Mukakhutira ndi mipata, mangitsani kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, manati a polumikizira pamodzi mosinthanasinthana kuti gasiketi ifinyike mofanana. Bwezerani masensa osapaka girisi kunsonga kwake, ndipo mawaya awo amangidwe kutali ndi paipi.

Kumene utsi ukutulukira

Nkhani iyi ndi yaikulu kuno kwathu kuposa m'mayiko amene zipangizozi zimapangidwa, chifukwa kumbuyo kwa pikapu kumakwera anthu: opita ku maliro, a kwaya, amayi ochokera kokaoda tomato, ana asukulu. Utsi uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha, umayambitsa mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo m'malo otsekeka umapha. Paipi isathere pansi pa bodi. Ituluke kunja ndithu, makamaka cham'mbali kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, itaweramira pansi pang'ono kuti mvula isalowemo. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kubwerera ku chitseko cha bodi, ndiye paipi yolunjika kumbuyo imatumiza utsi m'kati mwa kanope kapena tenti. Musailozetsenso pansi penipeni, chifukwa pa msewu wafumbi idzautsa fumbi lokwirira okwerawo. Mafashoni oimika paipi kumbuyo kwa kabini asiyireni malole.

Kuyesa ntchito

Bwezerani tayala la sipeya ndi waya wa batire, tsitsani galimoto ndipo muilize panja, osati m'galaja yotseka. M'mphindi zoyambirira, paipi isanatenthe, pakani madzi a sopo pa malo olumikizira; thovu likamafufuma, pamenepo pakudontha. Mnzanu akatseka kukamwa kwa paipi ndi chiguduli kwa masekondi ochepa, malo odontha amalira mluzu ndipo amapezeka msanga. Kautsi ndi fungo lochokera pamwamba pa paipi yatsopano ndi mafuta a kufakitale amene akupsa, ndipo zimatha zokha.

Yendani ulendo waufupi wokhala ndi mahampu, ngodya ndi chitunda, mawindo ali otseka ndi wailesi itazima, kuti mumve ngati pali chogunda kapena fungo la utsi m'kabini. Bwerezani ulendowo galimoto itasenza katundu wake wa masiku onse. Mukaima, pewani udzu wouma, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, chifukwa catalytic converter ndi DPF zimatentha madigiri mazanamazana ndipo zimayatsa udzu mosavuta. Ekizozi ikazizira, mangitsaninso manati onse, ndipo mudzabwereze zimenezi mutayenda makilomita 300 kapena 500, popeza magasiketi atsopano amaphwa akatentha ndi kuzizira kangapo. Sungani malisiti, dziwitsani kampani yanu ya inshuwalansi za kusinthaku, ndipo musanapite kokayezetsa galimoto kuti mupeze COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, lowaninso pansi ndi tochi kuti muone ngati palibe mzere wa mwaye pa malo olumikizira kapena kamphira kamene kavuka.